Zikomo kwa onse amene mwadya nane mchere

Lachinayi lapitali, pa 20 June 2024, ndinaima pamaso pa aphunzitsi asanu kuno ku Voronezh, m'dziko la Russia, kufotokoza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ndi kuyankha mafunso awo. Kunoko mwambo umenewu amautcha zashchita. Nditamaliza anatitulutsa tonse panja kuti akambirane, ndipo atatiitananso anawerenga dzina langa n'kunena liwu limodzi lokha: otlichno. Ndiye kuti ndakhoza ndi 5, malikisi apamwamba kwambiri pa kawerengedwe ka kuno. Ndinatsika masitepe miyendo ikunjenjemera, ndinakakhala pa benchi pansi pa mtengo, n'kuimbira amayi ku Dowa. Sanayankhule kanthu, anangoyamba kululutira.

Ndalemba izi kuti ndithokoze, chifukwa pepalali lili ndi dzina langa lokha koma manja amene analigwira ndi ambiri.

Abale ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, kodi iwe kumeneko ukuphunzira chiyani kwenikweni? Anzako akuchita udokotala, ena uinjiniya, nanga iwe? Ine ndinkafufuza mmene zining'a za Chirasha ndi mawu amene anthu amaponyerana tsiku ndi tsiku amawamasulira m'Chingerezi. Mrasha akafuna kukuuza kuti usamunamize amati usandipachike supageti m'makutu. Akafuna kunena kuti chinthu sichidzachitika mpaka kalekale amati chidzachitika tsiku limene rak, kachilombo ka m'madzi kofanana ndi nkhanu, kadzaimbe likhweru paphiri, pamene Mngerezi amati "when pigs fly". Munthu wokulitsa nkhani amati akupanga njovu kuchokera ku ntchentche. Izi ndi zosavuta, chifukwa Chingerezi chili ndi zake zolowa m'malo. Zovuta ndi zimene zilibe mnzake, kapena zimene zimaoneka ngati zili ndi mnzake koma zoona zake ayi.

Wina angaganize kuti awa ndi masewera a ana asukulu. Pa 18 November 1956, pa phwando la ku ofesi ya kazembe wa dziko la Poland ku Moscow, Nikita Khrushchev anauza akazembe a mayiko a kumadzulo kuti "my vas pokhoronim". M'Chingerezi mawuwa anatuluka kuti "we will bury you", ndipo ku America anthu anamva kuti munthuyu akuopseza kuti awapha ndi mabomba. Koma ambiri odziwa Chirasha amamva kuti ankanena zoti ife tidzakhalitsa kuposa inu, pa maliro anu tidzakhalapo. Tsiku limene tinkakambirana zimenezi m'kalasi ine ndinazimva msanga kuposa anzanga, chifukwa kwathu agogo akakwiya ndi mdzukulu wamakhalidwe oipa amatha kumuuza kuti, ukapitiriza zimenezi tidzakuika ndife. Sakunena kuti amupha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuchita manyazi kulemba Chichewa m'mphepete mwa makope anga. Nthawi zambiri chining'a chikakana kuwoloka kupita ku Chingerezi, chinkayamba chadutsa kaye kwathu.

Woyamba kumuthokoza ndi mphunzitsi amene ankayang'anira ntchito yanga, mayi wachikulire wa tsitsi loyera amene sanandimwetulireko miyezi itatu yoyambirira. Ndinkaganiza kuti sandifuna. Tsiku lina ndinamasulira chining'a chakuti "ne v svoyey tarelke", chimene mawu ake enieni amati munthu sali m'mbale yake. Ndinalemba kuti munthuyo akudya za eni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka mpando n'kundikhazika pafupi nawo. Anandifotokozera kuti chining'achi chinachokera ku Chifalansa, kumene liwu lakuti assiette linkatanthauza mbale komanso kakhalidwe kapena mmene munthu akumvera m'thupi, ndipo amene anachibweretsa m'Chirasha anatenga mbale ija. Tanthauzo lake ndi munthu amene sakupeza bwino pamalo, womangika. Atatero anandifunsa kuti, nanga inu muno muli m'mbale yanu? Ndinati ayi. Anati akudziwa, ndipo kuyambira sabata imeneyo Lachitatu lililonse ankandiitana ku ofesi kwawo kukamwa tiyi ndi kuwerengera limodzi. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kugwiritsa ntchito Russian National Corpus, nkhokwe ya pa intaneti imene inatsegulidwa mu 2004, momwe munthu amatha kuona chiganizo cha Chirasha chitagundizana ndi mmene omasulira osiyanasiyana anachilembera m'Chingerezi. Ndi amenenso anandibwereka buku lawo lakale la miyambi yoposa 30,000 imene Vladimir Dal anasonkhanitsa, lachikuto chong'ambika, ndi chenjezo loti ndikalitaya ndisadzaonekenso pamaso pawo. Lamulo lawo linali limodzi: usandiuze zimene mawuwa akutanthauza, undiuze amene akuyankhula, akuuza ndani, ndipo kunja kukuchitika chiyani. Aphunzitsi, zikomo.

Mu February 2023 bambo anga anatisiya. Anadwala masiku anayi okha. Uthenga unandipeza usiku, kunja chipale chofewa chitafika m'mawondo. Ndinayesa njira zonse zoti ndipite. Bwalo la ndege la kuno linali litatsekedwa kuyambira February 2022, choncho ndikanayenera kukwera sitima ya pamtunda kupita ku Moscow, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, kenako ndege yodzera ku Addis Ababa mpaka ku Lilongwe. Ndalama ya tikiti ndinalibe, ndipo ngakhale abale akanasonkha, makhadi a mabanki akunja anali atasiya kugwira ntchito kuno kuyambira March 2022. Malume anandiimbira n'kunena kuti, mwanawe, sitingasunge thupi, khala komweko ulimbe mtima. Maliro a bambo anga ndinawaonera pa foni. Achimwene anagwira foniyo m'mwamba kuchokera pa siwa mpaka kumanda, netiweki ikudukaduka, dzanja lawo likunjenjemera. Ndinaona adzukulu akukwirira, ndinamva amayi a mvano akuimba, kenako chithunzi chinangoima. Achimwene, sindinakuthokozeni bwinobwino pa zimene munachita tsiku lija. Munali ndi ufulu wolira ngati wina aliyense, koma munasankha kukhala maso anga.

Tsopano ndifike pa agogo amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo. Ndi mayi wamasiye wa zaka zoposa 70, amene anagwira ntchito m'fakitale moyo wawo wonse. Timakhala pamwamba penipeni pa nyumba ya nsanjika zisanu, imodzi mwa zija anazimanga nthawi ya Khrushchev, zopanda chikepe. Sadziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi, ndipo Malawi anaidziwa nditawalozera pa mapu. Usiku umene uthenga wa maliro unafika, anandipeza nditakhala pansi m'khichini. Sanandifunse zambiri. Anandifunditsa shawelo yawo yaubweya, anakhala pansi pomwepo ngakhale mawondo amawavuta, n'kunena kuti: "Pust' zemlya yemu budet pukhom."

Mawuwa ndinali nditawawerengapo. Ali m'mabuku onse a zining'a, ndipo pambali pake amangolemba kuti "may he rest in peace". Ine ndemwe ndinali nditawaika kale m'gulu la zosavuta, zokhala ndi mnzake. Koma usiku umenewo ndinawamva mmene alili. Pukh ndi tinthenga tofewa tija ta pachifuwa cha bakha, timene amaika m'mapilo. Agogowa ankapempha kuti dothi likhale lofewa ngati tinthenga timeneto pa thupi la bambo anga. Ine m'mutu mwanga munali dothi lofiira la kwathu, lonyowa ndi mvula ya February, lolemera, limene ndinali nditatsala pang'ono kuliona likugwera pa bokosi. Munthu amene sanapondepo ku Africa ankalipempha dothi limenelo kuti lipepuke. "Rest in peace" ndi mawu abwino, ngati mmene ife timanenera kuti mzimu wawo uuse mumtendere, koma amayang'ana kumwamba. A agogowa ankayang'ana pansi, m'dzenje momwemo, ndipo kumeneko n'kumene mtima wanga unali.

Pa tsiku la 9 ndi la 40 anachita mwambo wawo wokumbukira womwalira, umene amautcha pominki. Anaphika kutya, mpunga wothira uchi ndi mphesa zouma, anakazinga bliny, zitumbuwa zawo zopyapyala zija. Anandipempha chithunzi cha bambo, tinakachisindikiza, anachiika patebulo ndi kansalu kakuda pakona, ndipo patsogolo pake anaika kapu yovindikira ndi chidutswa cha buledi wakuda. Anagula maluwa anayi, chifukwa kuno maluwa a womwalira amakhala awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi, pamene wamoyo amamupatsa atatu, asanu kapena asanu ndi awiri. Anaitana anzawo awiri a pa nyumba yomweyo. Mmodzi wa iwo, wolimbikira kwambiri kutchalitchi cha Orthodox, anawadzudzula pang'ono kuti mawu a tinthenga aja ndi achikunja, Mkhristu azinena kuti "Tsarstvo nebesnoye", kumufunira womwalira ufumu wakumwamba. Anatsutsana pang'ono, kenako onse anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti ndiwafotokozere bambo anga anali munthu wotani. Ndinawafotokozera m'Chirasha changa chotsimphina za munda wa fodya, za njinga yawo, za mmene ankawerengera lipoti langa la kusukulu mokweza kuti anthu oyandikana nafe amve. Amayi atatu achirasha analira maliro a mlimi wa ku Dowa.

Miyezi iwiri yotsatira sindinalembe kanthu. Ndinauza aphunzitsi anga kuti ndikufuna kusiya. Anangoti "derzhis'", kutanthauza kuti gwiritsitsa, n'kukandipemphera nthawi yowonjezera ku ofesi. Nditabwerera ku ntchito ndinang'amba mutu wachitatu wonse n'kuulembanso. Unali wa zining'a za nyama, unasanduka wa mawu amene anthu amanena pa nthawi zoikika: pa maliro, pa ulendo, munthu akatuluka kosamba, mayeso asanayambe. Mfundo yanga inali yakuti womasulira akapeza mawu a Chingerezi ogwira ntchito yofanana asafulumire kukondwa, ayambe wadzifunsa ngati chithunzi chimene chili m'mawu a Chirashawo chikugwira ntchito pamalopo. Mlendo akungopereka ulemu podutsa, "rest in peace" akwanira. Koma ngati woyankhulayo waima pambali pa dzenje, tinthenga tija tisatayidwe, ngakhale chiganizo cha Chingerezi chimveke chachilendo pang'ono. Mutu umenewu ndi umene aphunzitsi asanu aja anafunsapo mafunso ambiri, ndipo ndi umene ndinayankha osayang'ana pa pepala.

Anzanga ophunzira ochokera ku Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Ghana ndi Cameroon, munasonkha ndalama ya lendi ya miyezi iwiri osandiuza, munakaipereka kwa agogo, ndipo iwo anakubwezerani theka. Mchemwali wanga wa ku Chipata, unagona m'chipinda changa sabata yathunthu, unaphika nsima ndi ufa umene unkausunga ngati golide, unandiyankhula Chinyanja pamene lilime langa linali litatopa ndi zinenero za eni. Amalawi anzanga amene muli m'mizinda ina ya dziko lino, ena sitinaonanepo maso ndi maso, koma munkaimba foni mosinthana kuti tsiku lisadutse ndili ndekha. Mlamu, inu ndi amene munayendetsa zonse za kumudzi, ndipo simunanditumizirepo uthenga wodandaula ngakhale umodzi. Azakhali, mapemphero anu a m'mamawa pa WhatsApp ndawasunga onse. Amayi, munataya mwamuna wanu koma tsiku lililonse funso lanu linali lakuti, wadya? Ndilibe mawu okwanira inu.

Arasha amati kuti umudziwe munthu uyenera kudya naye pud ya mchere. Pud ndi muyeso wakale, makilogalamu 16 ndi pang'ono. Tangoganizani masiku amene anthu awiri angadye limodzi kuti amalize thumba lotere. Ndi ena mwa inu sitinafike ngakhale pa kilogalamu imodzi, koma ndakudziwani.

M'mawa wa Lachinayi lija agogo anadzuka 5 koloko kundisitira bulauzi, ngakhale ndinali nditaisita kale. Nditavala nsapato anandigwira dzanja kuti tikhale kaye pansi mphindi imodzi osayankhula, monga amachitira kuno munthu asananyamuke ulendo. Pakhomo ananena mawu amene wophunzira aliyense amauzidwa popita kukalemba mayeso: "Ni pukha ni pera." Ndi mawu a alenje akale, ofunira mnzawo kuti asapeze ubweya kapena nthenga, pofuna kusocheretsa tsoka kuti lisamutsate. Mngerezi angati "break a leg". Mwamwambo umayenera kuyankha kuti "k chyortu", kumutumiza munthuyo kwa mdyerekezi, ndipo zaka zonsezi ndinkakana, chifukwa kwathu sungayankhe munthu wamkulu chonchi. Koma ndinamva liwu lija, pukh, lomwe lija la usiku wa maliro, likutuluka m'kamwa momwe muja. Anaima pakhomo akudikira, maso ali pa ine. Ndinayankha motsitsa mawu. Anandipsompsona pamphumi n'kundikankhira ku masitepe.

Ndikubwera kumudzi mu August. Malume, ndamva kuti mwaimitsa za chiliza kudikira ine, zikomo kwambiri. Agogo andipatsa kale kathumba ka tinthenga ta m'pilo wawo kuti ndikasiye pa manda a bambo, ndipo akuti ndidzawatumizire chithunzi.