Kumene blues si ija tinkavina kudisiko ija

Ine moyo wanga wonse ndimadziwa kuti blues ndi nyimbo zija a DJ ankaika kumapeto kwa disiko ya kusekondale, zozizira zija, magetsi atachepetsedwa iwe nkumafunafuna mtsikana woti umugwire m'chiuno aphunzitsi asanakuone. Ndiye mnzanga wina wa konkuno ku South Bend ku America atandiuza kuti tiyeni ku Chicago kuli Blues Festival ndinaseka, ndinati amwene amuna awiri ndevu pepeya tikagwirana ndi ndani kumeneko.

Koma poti nzaulere ndinalola. Inde nzaulere, sulipira olo kobiri pageti, mzinda ndi umene umakonza chaka ndi chaka mwezi wa June kuyambira 1984, patangotha chaka chimodzi katswiri wa blues Muddy Waters atamwalira. Tinakwera sitima ya South Shore Line imene imakakutula ku Millennium Station pafupi penipeni ndi paki yomwe kumachitikira zinthuzi, ndipo ine ndinaiwala kuti Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi ndiye ndinkangomuthamangitsa mnzangayo kuti tachedwa pomwe tinafika ma bandi asanayambe nkomwe. Kutentha kwake eee. June yemweyu amene kumudzi anthu akuotha moto ndi chiperoni, kuno thukuta kamukamu ngati October wa ku Nsanje.

Anthu ambiri amathamangira siteji yaikulu ya Jay Pritzker Pavilion, yazitsulo zopindikapindika ija, koma ife tinakodwa pa kasiteji kakang'ono kam'mbali. Anthu anayi basi, wang'oma, wabesi, mdala wina wachipewa pa gitala, ndi mayi wina wojintcha amene ankaimba uku akuliza hamonika. Mayi ameneyu anakapanira hamonikayo pamodzi ndi maikolofoni m'manja mwake nkuyamba kupuma momwemo, kanthu kakang'ono ngati chisa chopesera koma kulira kwake ngati sitima ya pamtunda ikudutsa pa Balaka usiku. Thupi langa lonse linachita tsembwe. Mdala uja naye amati mayiyo akaimba mzere umodzi iye amayankha ndi gitala, kukoka nsambo mpaka imve ngati munthu akudandaula, kenako mayiyo abwerezanso mzere womwewo, wachitatu ndiye womasulira nkhani yonse. Nyimbo iliyonse choncho. Ndimaganiza kuti nditopa nazo koma ayi ndithu, zili ngati wotsogolera nyimbo pamaliro ndi omuyankha, umadziwa kumene ikupita komabe ikafika imakubaya.

Ndipo nkhani zake si zachikondi chozizira ayi, ndi lendi, bwana wovuta, mwamuna wothawa, ndalama yatha mwezi usanathe. Chodabwitsa anthu akuvina nkumaseka! Gogo wina pafupi nane ndodo m'manja ankangokuwa kuvomereza ngati ali mu tchalitchi.

Nyimbozi anabwera nazo ndi anthu akuda ochokera kuminda ya thonje ku Mississippi ndi madera ena akummwera pothawa tsankho nkudzasaka ntchito m'mafakitale, Muddy Waters anafika 1943, Buddy Guy anachoka ku Louisiana 1957, ndipo gitala anaiika pa magetsi chifukwa m'mabala munali phokoso loti ya chibekete siimamveka. Apa mpamene ndinakumbuka agogo anga amene anapita ku Joni pa Wenela nkubwerako ndi gilamafoni, komanso a Daniel Kachamba a ku Chileka, oimba kwela aja, amene ankaliza gitala ndi hamonika nthawi imodzi. Sindikunena kuti ndi nyimbo zofanana, kwela ndi ina blues ndi ina, koma fungo la munthu amene ali kutali ndi kwawo ndinalimva, mwina poti nanenso ndatha zaka ndisanapondeko ku Ntcheu.

Ku siteji yaikulu sitinafikeko mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera mu sitima mnzanga uja anagona, ine ndili pa foni kuyang'ana mitengo ya hamonika, ndipo ndagula kale, aneba anga ayamba kundiyang'ana moipa.