Tsiku limene ndinatsuka kabokosi ka madam

Loweruka lija madam anapita kusaluni m'mamawa chifukwa madzulo kunali chinkhoswe cha mng'ono wawo, ine ndatsala pakhomo ndi mwana. Ndiye mtima wabwino unangondigwira, ndinati lero ndiwadabwitse, ndiwatsukire tinthu tawo ta m'kabokosi kamene amabisa kuseri kwa zitenje m'wadirobu. Palibe anandituma, izi ndivomere.

Ndinayamba ndi tcheni cha siliva, chija cholembedwa 925, nambala yosonyeza siliva, pakangowe. Chinali chitada. Nzeru zanga zinati malaya oyera tikawaviika mu Jik amayera mbee, nanga siliva angakanike bwanji. Ndinachiponyamo. Abale inu, tcheni chinatuluka chili bii ngati chagona m'thumba la makala. Kumva pambuyo pake eti siliva ndi bulitchi sizimwerana madzi, chimene chimafunika ndi madzi otentha, soda ndi kapepala ka foyilo basi.

Sindinafooke. Ndinatenga mkanda wa ngale, umene apongozi anawapatsa madam pa ukwati wathu. Ndimawaona madam akuchotsa zoyerayera za m'ketulo ndi viniga ndiye ndinati ameneyu ndiye dokotala wake. Ndinathira m'kapu, mkanda ponyeni. Posakhalitsa timathovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka pa ngale iliyonse ndipo ine kusangalala, mpaka kumuitana mwana kuti bwera udzaone litsiro likuthawa. Mwana kuwomba m'manja. Ndinausiya momwemo ola lathunthu ndikumvera mpira pa wailesi, osadziwa kuti zoyera za m'ketulo zija ndi ngale ndi mtundu umodzi, zonse ndi calcium carbonate, ndipo viniga sasankha kuti ichi n'cha apongozi. Timathovu tija inali ngaleyo ikusungunuka. Nditauvuula kuwala konse kunali kutapita, ngale zili mbuu ngati choko cha kusukulu, ndikazikhudza zikukhakhala.

Apa thukuta linayamba koma ndinati bola mphete ndiikonze bwino, mwina ingandipulumutse pa mlandu. Mphete ya chinkhoswe chathu imeneyo, madam amaivala pa zochitika zokha. Ndinatapa phulusa pa mbaula n'kuyamba kukwecha ngati poto wa nyemba. Kukwecha, kukwecha, golide uja ndikuona akutsalira pa kansanza, pansi pake patulukira chitsulo chofiirira.

Madam anafika tsitsi lili ng'aning'ani, anapeza zonse ndaziyanika pa thaulo ngati usipa. Tcheni anangochiyang'ana. Mkanda anaunyamula n'kunena motsitsa kuti ngale sizilowa m'madzi a mankhwala, ngakhale perefyumu amayamba apopera kaye kenako n'kuvala, akavula amangopukuta ndi kansalu kofewa, zaka 9 akuusamala chonchi. Ine mutu uli pansi, ndikungoti pepani mayi, pepani.

Kenako anatola mphete. Anaitembenuza, anapita nayo pawindo, anaitembenuzanso.

"Bambo, paja mphete iyi munati ndi golide weniweni, mnzanu anakugulirani ku Joni?"

Ndinati eya, mwina phulusa lake ndi lamphamvu.

"Golide weniweni sasupuka. Uwu ndi mkuwa. Munaigula kuti?"

Mwana, amene palibe anamufunsa, anati adadi anati litsiro likuthawa. Ku chinkhoswe ndinapita ndithu, ndinakhala kumbuyo pafupi ndi masipika, apongozi akungoyang'ana khosi la mwana wawo.