Shuga watsika, koma cholesterol yakwera

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. Mzere wa a BP ndi a shuga unafika mpaka pageti, makina oyezera BP ogwira ntchito anali amodzi okha, manesi tikulandirana. Zimenezo tinazizolowera. Chandipweteka mtima ndi cha Lachitatu.

Kunabwera bambo wina wa kwathu ku Dedza, wa zaka zopitirira 50, wophika pakhomo pa abwana ena ku Sandton, mumzinda wa Johannesburg kuno ku South Africa. Amamwa mankhwala a shuga. Analowa akumwetulira, lamba wa thalauza ataboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Akuti banja lonse la abwana linayamba Banting, kadyedwe kochepetsa kwambiri shuga ndi sitachi n'kuchulutsa mafuta, ndiye iwonso amadya zomwe aphika: mazira okazinga ndi batala m'mawa, kirimu mu khofi, nyama yonona, mafuta a kokonati. Nsima, buledi ndi shuga wa mu tiyi anasiyiratu.

Kunena zoona, zinawathandiza. Mimba yaphwa, HbA1c (muyeso wa shuga wa m'magazi wa miyezi ingapo) yatsika, ma triglycerides (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) atsika, HDL (cholesterol yabwino) yakwerako. Koma LDL, cholesterol yoipa imene imatseka mitsempha ya magazi, inachoka pa 3.4 kufika pa 6.7. Munthu wa shuga! Ndipo pepala la zotsatirazi linali m'faelo kwa masabata atatu, popanda woliyang'ana kapena kuwaimbira foni mwiniwake.

Adokotala anali ndi mphindi zochepa. Anangoti asiye kadyedwe kameneka, n'kulemba simvastatin, mankhwala otsitsa cholesterol. Bambo aja anagwedeza mutu mwaulemu, koma atatuluka anandipeza pakhonde. "Mayi, ndisiye bwanji chinthu chimene chandichiritsa? Abwana akuti pulofesa wa zimenezi anawina mlandu."

Akunena Tim Noakes wa ku Cape Town, amene anatchukitsa kadyedwe kameneka kuno. N'zoona kuti mu 2017 bungwe la HPCSA, loyang'anira madokotala ku South Africa, linamupeza wosalakwa. Koma mlanduwo unali wa malangizo amene anapereka pa Twitter kwa mayi woyamwitsa, sunali wa magazi a bambo a ku Dedza. Ndinawalowetsa m'chipinda chomangira mabala, poti ndi chokhacho chinali chopanda munthu, n'kuwafotokozera m'Chichewa. Mukasiya shuga ndi zakudya za sitachi, ma triglycerides amatsika, n'chifukwa chake pepala likuoneka bwino mbali imodzi. Koma mafuta a batala, kirimu, kokonati ndi nyama yonona amachititsa kuti chiwindi chizichotsa LDL yochepa m'magazi. Ena imangokwera pang'ono, ena imalumpha ngati mmene yachitira kwa iwo. Siipweteka, siionekera pankhope, imangounjikana m'mitsempha pang'onopang'ono mpaka tsiku la sitiroko kapena matenda a mtima.

Sindinawauze kuti abwerere ku chulu cha nsima ndi zakumwa zotsekemera, ayi. Ndinati batala ndi kirimu zichepe kwambiri, m'malo mwake mapeyala, mtedza, nsinjiro m'masamba, nyemba pang'ono, mafuta a canola, ndi nsomba, ngakhale ma pilchards a m'chitini omwewa. Pa nsinjiro anaseka, akuti madamu sadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Nditafunsa za kumtundu kwawo anati mchimwene wawo anagwa kumunda asanakwane zaka 50, osadzukanso. Funso limenelo palibe anali atawafunsapo. LDL ikapitirira 4.9 timayenera kuganiziranso za cholesterol ya kumtundu, tonse achipatala timadziwa. Ndinabwerera kwa adokotala, anavomera kuyezanso chithokomiro ndi kubwereza magazi pakatha miyezi itatu.

Kenaka bambo aja anapita ku famase. Simvastatin kulibe, anatha sabata yatha. Anawauza kuti akagule okha kapena abwerenso. Munthu amene anachita kupempha tsiku kwa abwana, wakwera mataxi awiri, ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Katswiri wa zakudya amabwera kamodzi pamwezi, buku lake ladzaza kale. Ntchito yomasulira timangoisenza ife, m'makonde, nthawi ya nkhomaliro, ndipo akuluakulu saiwerengera paliponse.

Lachinayi linatha ndi mabala ndi malipoti a mwezi. Lachisanu ndinalembera oyang'anira kiliniki za zotsatira zogona m'mafaelo komanso za mankhwala otha. Anandiyankha kuti oda inapita kale. Bambo aja ndawalembera kalata yoti akaonetse kuntchito kuti awamasule Lachitatu likubwerali, ndipo ndawauza kuti ayambe andiimbira foni asanawononge ndalama ya taxi.