Kiyi ya malume yalankhulanso, zikomo nonse

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali madzulo ndinayatsa wailesi yanga yotumizirana mauthenga ndi anzanga akutali, mavalavu (mababu agalasi a m'kati mwake) n'kuyamba kufiira pang'onopang'ono monga kale, ndipo ndinagogoda CQ, chizindikiro choitanira aliyense amene akumvera, koyamba chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndati ndithokoze pagulu, chifukwa amene mwagwirapo ntchitoyi ndinu ambiri ndipo ena simudziwana n'komwe.

Usiku umene uja matope otsika m'phiri la Soche anagumula khoma la kuseri kwa nyumba yathu ku Chilobwe. Ine, amayi a kunyumba ndi adzukulu awiri tinatuluka amoyo. Anansi athu ena sanatuluke, ena sanapezeke mpaka lero. N'chifukwa chake za wailesi ndinakhala chete miyezi yambiri. Sindikanatha kulira chitsulo pakati pa anthu olira ana awo.

Ndiyambe ndi inu anyamata a m'dera lathu amene munkafukula katundu m'matope. Munapeza bokosi lolemera makilogalamu pafupifupi 15, lodzaza dothi, loti mukanaligulitsa kwa ogula zitsulo palibe akanakufunsani. Inu munalikweza pa wilibala n'kulibweretsa kusukulu kumene tinkagona. Bokosi limenelo ndi Yaesu FT-101E, wailesi ya ku Japan ya m'ma 1970, imene ndakhala nayo zaka zoposa 30. Tsiku lotsatira mmodzi wa inu anabweranso ndi kachitsulo ka mkuwa m'thumba, n'kundifunsa kuti, "Agogo, kameneka n'kanunso?"

Inali kiyi ya malume, kachipangizo kogogodera mauthenga pa wailesi. Malume anga anali wotumiza mauthenga m'gulu la asilikali a King's African Rifles ku Burma mu 1944, ndipo ndi amene anandiphunzitsa Morse, njira yotumizira zilembo ndi timawu tatifupi (ti) ndi tatitali (taa), ndili ndi zaka 12. Poyamba sankandilola kukhudza kiyi. Ankagogoda supuni pa mbale yachitsulo, ine n'kumatchula zilembo. Ankati ndisawerenge timadontho, ndizimva kayimbidwe ka chilembo chonse. Mpaka lero CQ sindimuona ngati zilembo ziwiri, ndimangomva taa-ti-taa-ti, taa-taa-ti-taa. Nditaigwira kiyi ija tsiku limenelo, m'pamene ndinalira.

Mwana wanga wokonza mafoni ndi mawailesi akanema ku Limbe, dzina sinditchula monga unandipempha, koma ntchito yaikulu inali yako. Unali usanaonepo valavu chibadwire. Tinakhala limodzi Loweruka lililonse, iwe ukuzula mabolodi limodzilimodzi, kutsuka, kuyanika, kuwotcherera pamene dzimbiri linadya. Transifoma unaiumitsa milungu itatu osaithamangira, ngakhale ine mtima unali m'mwamba. Nditakuchenjeza kuti m'kati muja mumayenda mavoti pafupifupi 600, unamvera osatsutsa. Ndalama unakana. Unangoti ndikuphunzitse Morse, ndipo pano zilembo 15 wazigwira.

Mavalavu awiri aakulu, a 6JS6C, anali atasweka. Amenewa anapangidwira mawailesi akanema akale ndipo anasiya kupangidwa, kotero ndinali nditataya mtima. Mnzanga wa ku Johannesburg, amene dzina lake la pa wailesi limayamba ndi ZS6, amene takhala tikucheza pa mafunde a 7 MHz kwa zaka zambiri, anatulutsa ake amene ankasungira wailesi yake. Ndipo inu amayi a geni amene munawanyamula pa basi kudzera ku Mwanza, mutawakulunga m'chitenje n'kuwafukata pamiyendo ulendo wonse ngati mazira, Mulungu akudalitseni. Anafika osang'aluka.

Amayi a kunyumba, mabuku anga olembamo amene ndalankhula nawo anapita ndi madzi, koma makadi a QSL, amene timatumizirana potsimikizira kuti tinalankhulana, amene anatsala munawayanika pa mphasa limodzilimodzi, a ku Japan, a ku Brazil, a ku Germany, osandiuza, mpaka tsiku limene munandipatsa ali m'chitini. Zaka zonsezi mwagona ndi kulira kwa ti-taa m'chipinda choyandikana, ndipo ndinu munayamba kunena kuti m'nyumba mwachita zii. Mdzukulu wanga wamkulu ndiye anakwera mumtengo wa mango kukamanga waya wa eriyo, mbali iliyonse mamita asanu ndi pang'ono, mbali inayo pa nsungwi yaitali.

Tsono za Loweruka lija. Ndinaitana pa 14 MHz katatu, kuli chete. Kachinayi kunabwera kamawu kofooka kuchokera ku England, mkulu wina wa dzina la pa wailesi loyamba ndi G3, amene tinayamba kugogodana m'ma 1990 koma sitinaonanepo maso ndi maso. Anati anandizindikira ndisanafike n'komwe pa 7Q, poyambira dzina langa la pa wailesi, chifukwa taa womaliza wa Q wa mu CQ ndimamukoka pang'ono. Umu ndi mmene ankagogodera malume. Dzanja la munthu aliyense pa kiyi lili ndi liwu lakelake, ndipo iye analisunga langa nthawi yonseyi. Anandiuza kuti ataona nkhani za namondwe, n'kupita miyezi osandimva, anaganiza kuti ndine SK, mmene timatchulira mnzathu amene wamwalira, kiyi yake n'kukhala chete. Komabe sanasiye kudutsa pamalo pathu pa nthawi yathu. Anandipatsa 559, kutanthauza kuti akundimva bwino ngakhale mphamvu yake ndi yapakatikati. Dzanja langa linkanjenjemera moti ndinabwereza yankho kawiri.

Ena mumandifunsa kuti ndikulimbikiranji zinthu zakalezi, poti sitima zapanyanja zinasiya kudalira Morse mu 1999, ndipo kuyambira 2003 malamulo a ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, sakakamizanso munthu kumudziwa kuti apeze chiphaso. Ine ndimakumbukira masiku aja magetsi ndi mafoni zitazima, anthu akusowa pouzira abale awo kuti ali moyo. Wailesi imeneyi imayenda ndi batire ya galimoto, ndipo Morse amadutsa pamene mawu apakamwa amamira m'phokoso. Ikanapulumuka usiku uja, ikanagwira ntchito. Pano ili pa shelefu yapamwamba, batire ndi sola zili pambali pake.

Achinyamata amene mukufuna kuphunzira, Loweruka masana khomo ndi lotsegula. Kumvera ndi kuphunzira tiyamba pomwepo, koma kuti muulutse nokha mudzafunika chiphaso cha MACRA. Supuni ndi mbale zilipo. Anzanga apamlengalenga, mundipeza chakumunsi kwa 14 MHz cha m'ma 1600 UTC, imene kuno ndi 6 koloko madzulo.

Taa-taa-ti-ti-ti, ti-ti-ti-taa-taa. Imeneyi ndi 73, kutanthauza mafuno abwino, kwa nonse.