Zaka 10 tikudzutsa magalimoto okana kulira: mbiri ya galaja yathu

Mu 2025 tinakwanitsa zaka 10 chiyambireni ntchito yokonza magetsi a galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba tikugwirira ntchito pamalo okhala ndi mpanda, denga lamalata ndi bwalo la simenti lotha kulowa magalimoto asanu nthawi imodzi. Ndaona kuti n'koyenera kulemba kumene tachokera, kuti inu amene mwakhala mukutidzutsa m'bandakucha galimoto ikakana kulira mudziwe kuti ndalama zanu zinapita kuti, komanso kuti inu amene simunatiyesepo mudziwe kagwiridwe kathu ka ntchito musanatipatse makiyi anu.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa malume anga ku Ndirande, kumene ankakonza maminibasi pansi pa mtengo wa mango. Kwa zaka ziwiri ntchito yanga inali kutsuka masipanala ndi kugwira tochi basi. Tsiku limene ndinayamba kumvetsa za magetsi ndi pamene anatikokera Toyota Hiace imene inali itagona sabata yathunthu. Mwini wake anali atagula kale batire latsopano, kenaka anamusinthira sitata kwina, koma minibasiyo inkangoti kha kamodzi n'kukhala chete. Malume sanamasule chilichonse chachikulu. Anagwada, n'kulondola waya wonenepa wochoka kumutu wa batire wa negetivu mpaka pamene wamangidwa pachitsulo cha galimoto, ndipo anapeza kuti bawuti yake inali itadyeka ndi dzimbiri. Anapala malowo ndi sandipepa, n'kumanga bawuti ina, ndipo injini inalira pa kiyi woyamba. Mwini minibasi uja anakondwa, koma ine ndinatsala ndikuwerengera ndalama zimene anataya pa batire ndi sitata zomwe zinalibe mlandu uliwonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza kuti ndikadzakhala ndi galaja yangayanga, sindidzauza munthu kuti agule chitsulo ndisanayeze.

Mu 2015 ndinayamba ndekha. Mpamba wanga unali mita yoyezera magetsi, mawaya ojampira, batire limodzi labwino ndi njinga yakapalasa. Ndalama yogulira batirelo inachokera kubanki mkhonde ya mayi a kunyumba kwathu, omwe anabwereka m'dzina lawo chifukwa ine panalibe amene akanandikhulupirira. Ndinkamanga batire pakaliyala ndi mphira, n'kumapalasa kupita kulikonse kumene ndaitanidwa, kaya ku Chirimba, ku Chilomoni kapena ku Limbe.

Anthu ambiri akamatiimbira amangonena kuti galimoto yakana, ndipo amadabwa tikayamba kuwafunsa mafunso m'malo mothamanga. Chifukwa chake n'chakuti kukana kulipo kwa mitundu yosiyana, ndipo galimoto imanena yokha pamene pakupweteka ngati munthu atatchera khutu. Ikakhala chete kotheratu mutapotokola kiyi, magetsi a kutsogolo kwa dalaivala osayaka, timayamba ndi batire, mitu yake ndi fyuzi yaikulu. Ikamalira motsatizana kuti kha-kha-kha, magetsi n'kumazima ndi kuyaka, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti mphamvu ikuchepa: mwina batire lafooka, mwina mitu yamasuka kapena yamera ufa woyera uja umene umatsekereza magetsi. Ikalira kamodzi kokha mwamphamvu, magetsi n'kukhalabe owala, maso athu amapita kusitata, makamaka kumabulashi ake amene amatha ndi ukalamba. Koma injini ikamazungulira bwinobwino osagwira moto, batire ndi sitata tazichotsa kale pamlandu, ndipo funso limakhala lakuti kodi mafuta akufika, nanga moto wa mapulagi ulipo.

Pa batire sitilosera, timayeza. Batire lodzaza bwino, galimoto itazima kwa maola angapo, limasonyeza mavoti pafupifupi 12.6. Likatsika kufika pa 12 ndiye kuti latsala pang'ono kutheratu. Komabe nambala imeneyi payokha imanamiza, chifukwa pali mabatire amene amaoneka odzaza koma amagwa mukangowasenzetsa katundu. N'chifukwa chake timayezanso pamene wina akupotokola kiyi, ndipo mita ikatsika kufika pansi pa mavoti 9.6 timadziwa kuti batirelo silingathenso ntchito. Injini ikalira timayeza kachitatu, kuti tione ngati altaneta ikubwezeretsa mphamvu, ndipo pamenepo timayembekeza kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Muyeso wachitatuwu ndi umene ambiri amaudumpha. Munthu amagula batire latsopano, galimoto imayenda masiku atatu, kenaka imakananso, ndipo amapita kukakangana ndi wogulitsa, pamene vuto linali altaneta kapena lamba wake wolendewera. Ndakumananso ndi magalimoto ambiri amene amatha batire usiku chifukwa cha wailesi kapena alamu yolumikizidwa mwachisawawa, imene imayamwa magetsi ngakhale kiyi atachotsedwa. Zoterezi zimafuna kudekha, kuzula fyuzi imodziimodzi mpaka mita itasonyeza pamene magetsi akuthawira.

Pa nkhani ya mafuta, chinthu choyamba chimene timachita sichifuna chida chilichonse. Timatsegula kiyi osaliza injini, n'kumvetsera chakumbuyo, kumene pampu ya petulo imalira pang'ono kwa masekondi awiri kapena atatu pamagalimoto ambiri. Ikapanda kumveka timaona kaye fyuzi ndi rile yake, kaswichi ka magetsi kamene kamayatsa pampuyo, tisanaganize zotsegula thanki. Magalimoto a dizilo ali ndi khalidwe lawolawo: m'mawa wa June ndi July, pamene Blantyre yakutidwa ndi chiperoni, amavuta ngati mapulagi otenthetsera afa, ndipo mafuta akathera panjira mpweya umalowa m'mapaipi moti kungothira ena sikukwanira, pamafunika kupopa mpaka mpweyawo utatuluka.

Magalimoto ochokera ku Japan atachuluka, monga Probox, Sienta, Vitz, Note ndi Fit, ntchito inasintha ndipo nanenso ndinayenera kubwerera kukaphunzira. Ambiri mwa magalimotowa ndi a otomatiki, ndipo salira ngati giya siili pa P kapena pa N. Ndinapitapo mpaka ku Lunzu kukangosuntha giya ya munthu amene anaimika galimoto ili pa D, ndipo tsiku limenelo ndinangolandira ya mayendedwe chifukwa chikumbumtima sichikanandilola kulipiritsa zambiri. Galimoto ya otomatiki sikankhidwa kuti ilire, ngakhale mutasonkhanitsa anyamata a mudzi wonse. Ena ali ndi kiyi wopanda mano, wongodina batani, ndipo kabatire kakang'ono ka m'kati mwake kakatha galimoto imakana kumuzindikira mwini wake. Nthawi zambiri mukagunditsa kiyiyo pabatani lolizira n'kudina mutaponda buleki, imalira. Eni a Aqua ndi Prius, magalimoto a hybrid oyendera petulo ndi magetsi, ndi amene amabwera ndi mantha aakulu, poganiza kuti batire lalikulu la hybrid lafa, chikhalirecho chimene chaletsa chizindikiro cha READY, chosonyeza kuti galimoto yakonzeka kuyenda, kuyaka kawirikawiri chimakhala batire laling'ono la mavoti 12. Mu 2019 tinagula makina owerengera kompyuta ya galimoto, ndipo chaka chomwecho tinachita lendi kashedi ku Chilobwe n'kulemba anyamata awiri.

Sikuti zonse zinkayenda myaa. Mafuta atayamba kusowa mu 2022, anthu ankagona pamizere ndipo ena ankagula a m'zigubu, omwe ena mwa iwo anali osakaniza ndi palafini kapena madzi. Tinatsuka mathanki ndi kusintha mapampu ambiri kuposa kale, pakuti pampu imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, ndipo kuyenda nthawi zonse thanki ili pansi kumaipha msanga. Nthawi yomweyo wamalonda wina amene tinkamukhulupirira anatigulitsa mabatire 12 ooneka atsopano, opukutidwa bwino, koma asanu ndi awiri anafa miyezi itatu isanathe. Makasitomala anabwerera kwa ife, osati kwa iye, ndipo tinawabwezera kuchokera m'thumba mwathu. Titapita kukadandaula, bwanayo anatiuza kuti katundu akatuluka pakhomo si wake. Sindimutchula dzina, koma akawerenga adzidziwa, ndipo adziwenso kuti mabatire onse amene tagula chichokereni tsiku limenelo tagula kwa ena.

Chimene chinatsala pang'ono kutitsekera ntchito ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Madzi ndi matope ochokera m'phiri la Soche anasesa Chilobwe, ndipo anansi athu ena anataya miyoyo, kotero ndikamanena za zitsulo ndimanena mwamanyazi, podziwa kuti ife tinatsala amoyo. Kashedi kathu kanagwa, makina a kompyuta aja anamira, ndipo magalimoto atatu a makasitomala amene anagona pamalopo analowa madzi mpaka m'mipando. Awiri tinawapulumutsa potsatira ndondomeko yake: kuchotsa batire, kuzula mapulagi, kutulutsa madzi m'masilinda, kusintha oyilo ndi kuumitsa mawaya onse tisanayese kuliza. Yachitatu, Probox ya bambo wina amene ankadalira kunyamula anthu kuti adyetse banja lake, inafera m'manja mwathu. Mnyamata wanga wina, pofuna kundisangalatsa, anaika batire lina n'kupotokola kiyi ine ndisanafike. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho pisitoni itakumana nawo chitsulo chake chinapindika, ndipo injini inatha pomwepo. Sindinamuthamangitse mnyamatayo, chifukwa ine ndi amene sindinamuphunzitse zimenezo nthawi isanakwane. Ndinapita ndekha kunyumba kwa mwini galimotoyo, ndinakhala pamkeka, n'kuwauza zoona zonse, kuti namondwe ananyowetsa galimoto yawo koma amene anaipha ndife, ndipo tidzawagulira injini ina.

Lonjezo limenelo linandilowetsa m'katapila. Amene anandibwereka ndalama ankandimwetulira tsiku losainira, koma mwezi woyamba nditachedwa ndi masiku anayi okha anatumiza anyamata kudzanyamula bokosi la zida zanga, ngati kuti makaniko wopanda sipanala angabweze ngongole msanga. Kenaka mu November chaka chomwecho kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa masipeya unakwera pamene ine ndinali ndisanamalize kulipira. Ndinabwerera panjinga monga mu 2015, batire pakaliyala, ndili ndi imvi zoyamba. Ngongoleyo ndinaimaliza patatha miyezi 14, ndipo Probox ija ikuyendabe mpaka lero. Mwini wake ndi amene watibweretsera makasitomala ambiri kuposa wina aliyense.

Ndithokoze Mulungu amene anatisunga usiku uja. Ndithokoze mayi a kunyumba, amene anagulitsa mandasi ndi kusoka zovala kuti ana asasiye sukulu pamene galaja inalibe kanthu, ndiponso amayi onse a gulu lawo la banki mkhonde amene anatibwerekanso kachiwiri popanda kutinyoza. Malume anga tsopano maso akuwavuta ndipo sagwiranso sipanala, koma amabwera Loweruka lililonse kudzakhala pampando, ndipo akangomva kulira kwa sitata amanena vuto ife tisanatsegule boneti; malume, zikomo kwambiri. Ndithokoze anyamata anga, amene tsopano alipo anayi kuphatikizapo mtsikana mmodzi amene pa nkhani yolondola mawaya watiposa tonse, chifukwa anagwira ntchito miyezi iwiri akulandira theka la malipiro osang'ung'udza. Madalaivala a maminibasi ndi a mataxi amene munkandipatsa ntchito ngakhale ndinalibe malo, a mpingo amene munatithandiza kufukula zida m'matope, eni malo athu atsopano amene munavomera kuti lendi yoyamba tilipire pang'onopang'ono, ndi inu nonse amene munatitchula kwa anzanu pamaliro, paukwati ndi pamzere wa mafuta, sitingathe kukubwezerani.

Tsopano tili ku Zingwangwa, pamalo okwera pamene madzi sangatipezenso, ndipo timatsegula kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 7 koloko m'mawa kufikira 5 koloko madzulo. Tili ndi makina atsopano owerengera kompyuta ya galimoto, choyezera batire chosindikiza zotsatira papepala, ndi njinga yamoto yofikira kulikonse m'Blantyre ndi Limbe galimoto ikakukanirani panyumba, kuntchito kapena pamsewu. Timakonza masitata ndi maaltaneta m'malo mothamangira kukugulitsani ena, ndipo chitsulo chilichonse chimene tachotsa timakupatsani m'manja kuti muchione nokha. Batire logula kwa ife limatuluka ndi lisiti lolembedwa tsiku, ndipo likavuta nthawi ya chitsimikizo isanathe mumabwerera kwa ife.

Chimene tikupempha n'chakuti galimoto ikakana musaumirire kupotokola kiyi kambirimbiri, chifukwa mumatentha sitata ndi kumaliza batire. Ngati mwaganiza zojampa, onetsetsani kuti waya wofiira wapita kumutu wa pozitivu mbali zonse ziwiri, pakuti kusemphanitsa mawaya kwa kamphindi kokha kumapsereza fyuzi yaikulu, mwinanso altaneta ndi kompyuta. Ndipo ngati galimoto yamira kapena yazimira m'madzi, musayese n'komwe kuiliza. Ingochotsani kiyi n'kutitumizira uthenga, mutiuze mmene ikulirira ndi magetsi amene akuyaka. Ndi bwino kubwera kudzayezetsa batire ndi altaneta mvula isanayambe.