Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Class 37 yobwereka mawu

M'gawo lapitali tinalekera pomwe achimwene anandisiyira kompyuta yawo yakale, momwe munali gemu yoyendetsa sitima zapamtunda ya Microsoft Train Simulator. Gemuyi inatuluka mu 2001, anaipanga ndi a kampani ya Kuju ya ku Britain, ndipo inabwera ndi njanji 6 zokha: ziwiri za ku America, ziwiri za ku Japan, imodzi ya ku Austria, ndi ija ya ku England yochokera ku Settle kukafika ku Carlisle. Pofika mu 2006 ndinali nditaziloweza zonse. Sitima ya malasha yotchedwa Flying Scotsman ndinaiyendetsa mpaka ndinkadziwa pofunika kuthira malasha ndisanayang'ane n'komwe pa geji. Mtima unayamba kufuna china.

Ndi achimwene omwewo amene anandiuza kuti kunjaku kuli anthu omwe amadzipangira okha mitu ya sitima, n'kumaigawa ulere pa intaneti kuti aliyense aionjezere mu gemu yake. Poyamba sindinakhulupirire. Munthu angathe miyezi akujambula mawilo ndi zitseko, kenako n'kungopereka kwa anthu osawadziwa? Koma zinali zoona, ndipo mutu woyamba umene ndinapanga dawunilodi unali Class 37.

Ndinaiona koyamba pa chithunzi: yabuluu, mphuno zachikasu kutsogolo ndi kumbuyo. Kampani ya English Electric inapanga mitu yotereyi 309 kuyambira 1960 mpaka 1965. Injini yake ndi ya dizilo, ya masilinda 12, koma siizunguza mawilo mwachindunji. Imazunguza jenereta, magetsi ake n'kupita ku mamota 6 amene amakoka mawilo onse 12. Okonda sitima ku Britain anaipatsa dzina loti thirakitala chifukwa cha kulira kwake kwa besi, kokhala ngati ikukalipa.

Ndinaika foda yake mu Trainset, foda ya gemu yosungiramo sitima, monga kalata ya malangizo ya wopanga wake inanenera, ndinatsegula gemu, koma sitima yanga osaoneka. Ndinayambiranso katatu. Kenako ndinaimbira foni achimwene.

"Achimwene, ndaiika koma sikutuluka. Kodi mwina ndaononga gemu yanu?"

"Iwe, usade nkhawa. Mutu pawokha gemu siiuona. Upange kaye fayilo ya consist, uuze kompyuta kuti mutu ndi uwu, mabogi ake ndi awa."

Ndinachitadi zomwezo, ndinakolekako mabogi a anthu, ndipo inatulukira itaima pa siteshoni ya Settle. Ndinaizungulira ndi kamera mwina theka la ola. Munthu uja anajambula chilichonse: dzimbiri la m'munsi mwa zitseko, mwaye wakuda padenga pomwe pamatulukira utsi, timawindo titatu tapamwamba pa mphuno. Ndinkangomva tsemwe m'thupi.

Nditalowa m'kati, chimwemwe chija chinazilala. Mpando wa dalaivala unali kudzanja lamanja, pamene ku Britain woyendetsa amakhala kumanzere. Mageji ake ndinawazindikira msanga, anali a GP38-2, mutu wa ku America umene unabwera ndi gemu. Nditakoka chogwirira cha mphamvu, mawu amene anatuluka m'masipika analinso a GP38-2 yomweyo, injini ya masilinda 16 yolira mosalala. Thupi linali la ku England, koma mawu ndi m'kati zinali zobwereka. Ndipo inanyamuka mwaliwiro ngati kumbuyo kulibe katundu.

Wopanga uja sindimuimba mlandu. Patapita nthawi ndinadzamvetsa kuti kujambula thupi ndi luso lina, kujambula mawu ndi lina, ndipo masamu a kayendedwe ndi linanso. Ambiri ankatha chimodzi n'kubwereka zinazo. Koma usiku umenewo zinandiwawa, moti ndinatsegula foda ija kuti ndione mwakhala motani.

Apa ndi pomwe moyo wanga unakhota pang'ono. Mutu uliwonse mu gemuyi ndi mafayilo angapo. Ya .s ndi thupi, za .ace ndi penti, ya .cvf ndi chipinda cha dalaivala, za .sms zimalamula mawu. Koma mtima weniweni ndi fayilo ya .eng, ndipo imeneyi imatsegulika mu WordPad ngati kalata wamba. M'menemo ndinapezamo mzere wa Mass, wonena kulemera, mzere wa MaxPower, wonena mphamvu, ndi mzere wolozera ku foda ya GP38 kuti mawu akatengedwe kumeneko. Ndinazindikira kuti chimene ndinkachigomera pa sikirini ndi chikopa chabe. Sitimayo inali m'manambala amenewa.

Ndinayamba ndi mawu. Munthu wina anali atajambula kulira kwa Class 37 yeniyeni, n'kukudula m'zidutswa zogwirizana ndi mmene injini ikukwerera. Ndinasintha mzere uja kuti uloze ku mawu akewo. Nditatsegula gemu, inangodzitseka yokha, phi. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinakhala usiku wonse ndikuwerenga fayiloyo mzere ndi mzere, chala chili pa sikirini, mpaka m'bandakucha ndinapeza kuti polemba ndinafufuta mwangozi kachizindikiro kamodzi kotsekera zolembedwa mu mzere uja. Kamodzi kokha. Kuyambira tsiku limenelo sindisintha fayilo ndisanasunge ina pambali.

Manambala ndiwo anandiphunzitsa zambiri. Ndinawerenga kuti injini ya Class 37 ili ndi makilowati 1,305, ndipo ndinalemba momwemo. Sitima inkathamangabe mopitirira. Nditafufuza ndinapeza chifukwa chake: mphamvu ya injini siifika yonse pa njanji. Ina imatayika mu jenereta ndi m'mamota, ina imadyedwa ndi zipangizo zoziziritsa injini ndi zopopa mpweya wa mabuleki, moti yofika pa mawilo ndi makilowati 932. Nditaika nambala imeneyo, n'kukonzanso kulemera kuti kukhale matani opitirira pang'ono 100, ndinabwerera ku Settle.

Amene mumaidziwa njanjiyi mukudziwa kuti mukangochoka pa Settle mumayamba chitunda chachitali chomwe anthu a sitima amachitcha Long Drag. Pa mamita 100 alionse njanji imakwera mita imodzi. Pa pepala zikuoneka zazing'ono, koma kwa mawilo achitsulo oyenda pa chitsulo, kumbuyo kuli mabogi 10, ndi phiri lenileni. Ndinakoka chogwirira pang'onopang'ono. Injini inayamba ndi kung'ung'udza, kenako inabangula, mawu aja a thirakitala anadzadza chipinda chonse. Singano ya liwiro inkakwera mokakamizika. Nditawonjezera mphamvu mopupuluma mawilo anaterereka, ndinabweza chogwirira, ndinathira mchenga pa njanji, ndipo anagwiranso. Pomwe ndinkawoloka mlatho wa Ribblehead, uja wa zipata 24, manja anga anali atanyowa ndi thukuta. Sitima inkayenda pang'onopang'ono kuposa kale, ndipo sindinasangalalepo choncho ndi gemu iliyonse.

Chipinda cholondola cha dalaivala, cha mpando wakumanzere, ndinachipeza patapita miyezi iwiri, chopangidwa ndi munthu wachitatu. Motero mutu umodzi unakhala ntchito ya anthu anayi osaonanapo, wachinayiyo ndine ndi manambala anga.

Achimwene atabwera kudzacheza ndinawakhazika pampando, ndinawapatsa kiyibodi. Anayendetsa chete mpaka pa Ais Gill, pamwamba penipeni pa njanjiyo, kenako anatembenuka.

"Mng'ono wanga, iyi wakonza wekha?"

"Manambala okha, achimwene. Thupi ndi mawu ndi za eni ake."

Anandipempha kuti ndiwakoperere foda yonse. Fodayo ndidakali nayo, ndipo imayendabe mu Open Rails, pulogalamu yaulere yomwe imawerenga mafayilo akalewa. M'gawo lotsatira ndikuuzani mmene ndinayambira kujambula bogi yanga yoyamba mu pulogalamu yojambulira yotchedwa Gmax, bogi yomwe mawilo ake anatuluka atamira pansi pa njanji.