Lachiwiri, foni ya mphwanga yazima pakati pa apudeti

Mvula yatsika kuphiri cham'ma 2 koloko masana, magetsi nkuthima. Nthawi imeneyo mphwanga anali ku Chikanda, mu Zomba momwemuno, komwe amachita lendi, atayambitsa apt upgrade, lamulo lopangira apudeti, pa foni yake ya PinePhone batire lili kale pansi, foni nkuzima ikuika mapakeji, timitolo ta mapulogalamu. Watulukira kuno ku Matawale pa kabaza atanyoweratu, akuti achimwene foni ija yafa, anyamata okonza mafoni kumsika akuti tingoiflasha basi.

Aaa anyamata amenewo chilichonse ndi kuflasha. Komatu iyi si Android, muli Mobian, Debian yeniyeni, mtundu wa Linux ya pa kompyuta, yoikidwa pa foni, ndiye ukaflasha zithunzi ndi manotsi onse a kusukulu apita chonsecho vuto lake ndi laling'ono.

Taichaja pa power bank, yayaka koma sikirini bii, Phosh, pulogalamu yoonetsa mamenyu pa sikirini, osabwera. Mwayi wake anaikamo kale SSH, njira yolowera mu foni uli pa kompyuta ina kudzera pa netiweki, ndipo foniyo inalumikiza yokha hotspot yanga, ndiye ndalowa kudzera pa laputopu. Ndisanagwire china chilichonse ndatsegula tmux, pulogalamu yosunga ntchito kuti isafe, chifukwa foni imeneyi imakonda kugona, ikagona netiweki imaduka ndipo zomwe umapanga pa SSH zimatha kufera pomwepo, mu tmux zimapitirira.

Kungolemba apt yandiuza yokha kuti dpkg, pulogalamu yomwe imaika mapakeji, inasokonezedwa, nkundipatsa ndi lamulo lomwe, sudo dpkg --configure -a. Nkhani yake ndi yoti dpkg imagwira ntchito pawiri, imayamba yamasula mafayilo atsopano kenako nkumakonza pakeji iliyonse kuti iyambe kugwira. Foni ikazima pakati, ena amasulidwa koma sanakonzedwe, ena akadali akale, zinthu sizigwirizana. Lamulo lija limangomalizitsa zotsalazo. Latenga nthawi ndithu, purosesa ya foni imeneyi ndi yaulesi, mpaka tamwa tiyi ndi mbatata. Pakeji imodzi yakanabe, kudandaula kuti anzake omwe imadalira palibe, apo ndalemba sudo apt --fix-broken install, kenako upgrade ija kachiwiri.

Mphwanga nkhawa yake sinali foni ayi, inali bandulo, akuti dzulo lomweli wagula ndiye adaunilodenso zonsezo ndi ndalama ziti. Ndamuonetsa mu /var/cache/apt/archives, mafayilo a .deb, omwe ndi mapakeji aja, ali mbwee. Apt imadauniloda zonse kaye isanayambe kuika, ndipo poti sinamalize sinafufute kanthu. Nkhope inasintha pomwepo.

Zikanavuta ikanazima ikuika kernel, mtima wa sisitimu yonse, mwina sikanayaka nkomwe, pamenepo ndiye tikanafuna Jumpdrive, kasisitimu koyatsira foni kuchokera pa memory card, kuti laputopu ione zamkati mwa foni ngati flash. Lero sizinafike poteropo. Taizimitsa nkuyatsanso, Phosh yabwera, mafoni akulowa.

Wapita cham'ma 6 atabwereka power bank yanga, magetsi ku Chikanda akuti sanayakebe.